Zipsera za ku Hanoi, Mavoti a ku Washington: Kodi Msilikali Amakhala Phungu Wabwino?

Mu 1982, pa msonkhano wa kampeni m'chigawo cha Arizona ku America, munthu wina anadzutsa nkhani imene John McCain anali atatopa nayo: mlendo wofika dzanadzanali angayimire bwanji eni dera ku nyumba ya malamulo? Funsolo linali lomveka, chifukwa McCain anali asanathe zaka ziwiri mumzinda wa Phoenix, ndipo chimene chinamubweretsa kumeneko ndi banja. Iye anayankha mopsa mtima kuti anakulira pakhomo pa asilikali a pamadzi, anthu osamukasamuka, ndipo akaganiza bwino, malo amene anakhalitsako kuposa ena onse pa moyo wake ndi Hanoi. Panalibe wosadziwa chimene chinamukhazika ku Hanoi: anali mkaidi wa pankhondo kwa zaka zisanu ndi theka. Nkhani yoti ndi wobwera inafera pomwepo. Mpandowo anaupata, mu 1986 anasankhidwa kupita ku Senate, ndipo anakhala komweko mpaka tsiku limene anamwalira, pa 25 August 2018.

Yankho lija linatseka pakamwa wofunsayo, koma silinakhudze chimene munthuyo ankafuna kudziwa, choti kaya mlendoyu akuwadziwa mavuto a madzi a m'chipululu cha Arizona, kaya akudziwa za malo a mitundu ya eni nthaka monga Navajo ndi Hopi. Apa ndi pamene pagona mtsutso umene anthu a ku America sanauthetse mpaka lero. M'zaka za m'ma 1970, aphungu oposa 70 pa 100 alionse a ku Washington anali anthu amene anavalapo yunifomu. Masiku ano safika ngakhale 20 pa 100. Chifukwa chake n'chosabisika: m'badwo wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse unatha, ndipo kuyambira mu 1973 boma linasiya kulemba anyamata usilikali mokakamiza. Ena akuona kuchepaku ngati matenda, mpaka anakhazikitsa mabungwe monga VoteVets ndi With Honor oti azithandiza asilikali akale kupikisana pa zisankho. Ena akuti palibe chatayika. Moyo wa McCain uli ndi umboni wokwanira mbali zonse ziwiri, ndiye chifukwa chake ndautenga.

Za sukulu tisachedwe nazo, chifukwa mbali zonse zimapezapo zochepa. McCain anabadwa mu 1936 pa malo a asilikali a America ku Panama. Bambo ake ndi agogo ake onse anafika pa udindo wa admiral wa nyenyezi zinayi, choncho njira ya mwanayo inali yolambulidwa kale: sukulu yogonera komweko ya Episcopal ku Virginia, kenako sukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis. Kumeneko anatchuka ndi kuswa malamulo ndi kuyankha akuluakulu. Pomaliza maphunziro mu 1958 anali nambala 894 mwa ophunzira 899, ndipo nambalayi ankaitchula yekha moseka pa misonkhano mpaka ukalamba. Malamulo oyendetsera dziko la America safuna pepala lililonse la sukulu kwa phungu. Wa ku Senate akhale wa zaka 30, nzika kwa zaka 9, wokhala m'chigawo chimene akufuna kuyimira, basi. Koma malamulo omwewo anaika m'manja mwa aphungu mphamvu yolengeza nkhondo ndi yovomereza ndalama za asilikali, ndipo ichi ndicho chimapatsa funso lathu kulemera.

Nkhondo ya McCain inali yaifupi m'mwamba, yaitali pansi. Mu July 1967 anapulumukira mkamwa mwa imfa pa sitima yonyamula ndege ya Forrestal, pamene roketi inaphulika mwangozi n'kubutsa moto umene unapha amuna 134. Pa 26 October chaka chomwecho, pa ulendo wake wa 23 wokaponya mabomba ku North Vietnam, mzinga unagwetsa ndege yake pamwamba pa Hanoi. Anathyoka mikono yonse iwiri ndi mwendo, n'kugwera m'nyanja yaing'ono ya Truc Bach pakati pa mzinda. Amene anamuvuula m'madzimo ndi anthu omwewo amene anabwera kudzawaphulitsira nyumba yopangira magetsi, ndipo atafika naye kumtunda khamu linamumenya ndi kumubaya. Olemba mbiri yake a ku America amakonda kuthamangira pa kumenyedwako, n'kudumpha funso loti khamulo linakwiyiranji.

Cha pakati pa 1968 bambo ake anapatsidwa udindo wolamulira asilikali onse a America a m'dera la Pacific, kuphatikizapo a ku Vietnam. Akuluakulu a ku Hanoi anaona mwayi: kumasula mwana wa admiral kukanawapatsa mbiri ya chifundo kunja, ndipo kukanauza akaidi ena kuti ana a mabwana savutika nawo limodzi. McCain anakana. Lamulo la akaidi linali loti woyamba kugwidwa ndiye woyamba kutuluka, ndipo panali ena, monga Everett Alvarez, amene anagwidwa mu 1964. Atakana, anamumanga ndi zingwe ndi kumumenya masiku otsatizana mpaka anasaina chikalata chodzinenera kuti ndi chigawenga. Iye sanabise zimenezi. Ankanena poyera kuti munthu aliyense ali ndi pothera pake, ndipo iye anafika pa pake. Anakhala m'chipinda cha yekha pafupifupi zaka ziwiri, anatuluka pa 14 March 1973, ndipo moyo wake wonse sankathanso kukweza manja kupitirira mapewa, moti tsitsi ankachita kumupesa.

Amene amati usilikali umaumba phungu wabwino amayambira pomwepa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati wovota alibe njira yodziwira mtima wa munthu wofuna mpando. Malonjezo aliyense amalonjeza. Koma apa pali munthu amene anapatsidwa khomo lotseguka ali wodwala, wosweka mafupa, n'kulikana chifukwa cha anzake. Umboni wotere sungagulidwe ndi ndalama za kampeni. Ndipo amati taonani zimene anachita atangolowa m'nyumba ya malamulo. Mu September 1983, ali phungu watsopano wa chipani cha Republican, anavotera motsutsa pulezidenti wa chipani chake, Ronald Reagan, pa nkhani yosunga asilikali a America ku Lebanon, ponena kuti sakuona chimene akukachita kumeneko. Pa 23 October, galimoto yodzaza mabomba inaphulitsa nyumba yawo ku Beirut n'kupha asilikali a America 241. Munthu amene anaonapo nkhondo, iwo amatero, satumiza ana a anzake mwachisawawa.

Pali kafukufuku amene amaikira kumbuyo maganizo amenewa. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Duke, Christopher Gelpi ndi Peter Feaver, anasanthula mbiri ya America kuyambira mu 1816 mpaka 1992, ndipo mu 2002 anafalitsa zimene anapeza: nthawi imene asilikali akale achuluka m'boma ndi m'nyumba ya malamulo, dzikolo siliputa mikangano ya zida kawirikawiri. Okonda mbali imeneyi amaima pomwepo. Theka lina la zimene akatswiriwo anapeza tilipeza kutsogoloku.

Umboni wawo wamphamvu kwambiri, kwa ine, uli pa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya kuyanjananso ndi Vietnam. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri nkhondo itatha, mphekesera yoti kuli asilikali a America amoyo amene akusungidwabe m'nkhalango inkatseka njira iliyonse ya mtendere, ndipo wandale aliyense woikayikira ankatchedwa wopereka abale. McCain ndi John Kerry, wa chipani cha Democratic amenenso anamenya nkhondo ku Vietnam, anakhala mu komiti ya Senate yofufuza nkhaniyi kuyambira mu 1991 mpaka 1993, ndipo komitiyo sinapeze umboni wogwirika woti kuli akaidi otsala. Mabanja ena anamutukwana McCain pamaso. Pulezidenti Bill Clinton, amene anazemba kupita ku nkhondoyo, sakanalimba mtima yekha kutsegula ubale ndi Hanoi; anatero mu July 1995 McCain ataima pambali pake. Ndani akanauza munthu wa zipsera zija kuti wagulitsa akaidi?

Yachiwiri ndi ya kuzunza akaidi. Zithunzi za m'ndende ya Abu Ghraib ku Iraq zitatuluka mu 2004, ndipo zitamveka kuti bungwe la CIA limaphimba akaidi nsalu kumaso n'kumawathira madzi mpaka amve ngati akumira, boma la George W. Bush linkazungulira ndi mawu a maloya. McCain anabweretsa lamulo loletsa nkhanza ndi kunyazitsa mkaidi aliyense amene ali m'manja mwa America. Wachiwiri kwa pulezidenti, Dick Cheney, anayesetsa kuti CIA isakhudzidwe, koma mu October 2005 Senate inavomereza ndi mavoti 90 kwa 9. Mfundo ya McCain inali yochokera m'thupi mwake: munthu wozunzidwa amanena chilichonse kuti ululu uleke, ndipo iye mwini, atafunsidwa mayina a anzake oyendetsa ndege, anatchula mayina a osewera mpira a timu ya Green Bay Packers. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani imeneyi panalibe seneta wina amene akanatsekula chitsekocho msanga ngati iye.

Amawonjezeranso kuti msilikali wakale sachita mantha ndi nyenyezi za pamapewa a akuluakulu a nkhondo. Mu 2003 ndi 2004 McCain anakakamira kufukula mgwirizano wa madola oposa 20 biliyoni wobwereka ndege 100 zothira mafuta m'mwamba kuchokera ku kampani ya Boeing, mpaka zinaululika kuti Darleen Druyun, mkulu wogula katundu ku nthambi ya asilikali a m'mlengalenga, ankakambirana za ntchito yake ku Boeing uku akukambirana mitengo m'malo mwa boma. Anamangidwa, pamodzi ndi mkulu wa zachuma wa kampaniyo.

Otsutsa savutika kukana zonsezi, ambiri amazivomera. Chimene amafunsa n'chakuti, kodi ndi usilikali umene unamupanga phungu, kapena ndi zinthu zina zimene sizitchulidwa pa maliro? Sukulu yeniyeni ya ndale ya McCain, iwo amati, inayamba mu 1977, pamene gulu lankhondo la pamadzi linamuika kukhala mkhalapakati wake ku Senate. Ntchito yake inali kuperekeza maseneta pa maulendo akunja, kuwanyamulira zikwama ndi kuwanyengerera pa bajeti. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi John Tower, William Cohen ndi Gary Hart, ndipo anaphunzira mmene bilu imayendera ndi mmene imafera. Mu 1980 anasiyana ndi mkazi wake woyamba, Carol, amene anamudikira zaka zonse za ku Hanoi, n'kukwatira Cindy Hensley, mwana wa mwini kampani yaikulu yogawa mowa ku Phoenix. Mu 1981 anapuma usilikali ali kaputeni, apongozi ake anamulemba ntchito, ndipo kudzera pa ntchitoyo anadziwana ndi anthu achuma a ku Arizona. Akaidi a ku Vietnam amene anabwerera kwawo mu 1973 anali pafupifupi 600. Ambiri a iwo analibe bambo admiral kapena apongozi a mamiliyoni, ndipo mayina awo sitiwadziwa.

Mmodzi mwa anthu achuma aja anali Charles Keating, mwini banki ya Lincoln Savings. Iye ndi anzake anapereka madola pafupifupi 112,000 ku makampeni a McCain, ndipo banja la McCain linkakwera ndege yake kupita kukapuma ku Bahamas. Mu 1987 McCain ndi maseneta ena anayi anakumana ndi akuluakulu oyang'anira mabanki amene ankafufuza Keating. Bankiyo inagwa mu 1989, boma linataya madola oposa 3 biliyoni a misonkho, ndipo okalamba ambiri anataya ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse. Mu 1991 komiti ya Senate yoona za khalidwe inati McCain sanaphwanye lamulo koma sanaganize bwino. Chigamulo chomwecho chinaperekedwa kwa John Glenn, ngwazi ina ya ndege zankhondo. Munthu amene anapirira zingwe za ku Hanoi analephera kukana ndege ya bwenzi lolemera. Kulimba mtima pamaso pa mdani ndi kukana zokoma za mnzako ndi mphatso ziwiri zosiyana, ndipo phungu amayesedwa kwambiri pa yachiwiriyo. Omuikira kumbuyo amati manyazi a Keating ndiwo anabala lamulo la McCain ndi Russ Feingold la 2002 lochepetsa ndalama m'makampeni. N'zoona, koma ndiye kuti mphunzitsi wake pamenepo anali manyazi, osati Annapolis.

Ndipo yunifomu yokha yabisapo anthu oipa zedi. Joseph McCarthy, seneta wa ku Wisconsin amene anawononga miyoyo ya anthu powanamizira chikomyunizimu mpaka Senate inamudzudzula mu 1954, analowa mu Senate atakokomeza mbiri yake ya ku nkhondo. Phungu Randy Cunningham, woyendetsa ndege amene anagwetsa ndege zisanu za adani ku Vietnam, anavomera mu 2005 kuti analandira ziphuphu za madola 2.4 miliyoni, zambiri kuchokera kwa ogulitsa katundu ku unduna wa zachitetezo, ndipo anagamulidwa zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi inayi. Kudziwa makonde a ku Pentagon, likulu la undunawo, kumathandiza wofukula katangale, kumathandizanso wakuba.

Koma nkhani imene otsutsa amaimapo nji ndi ya Iraq. McCain wa 1983, wokayikira uja, anasintha. Phunziro limene anatenga ku Vietnam, ndipo analikulitsa pamene ankaphunzira ku National War College mu 1973 ndi 1974, silinali loti nkhondoyo inali yolakwika. Linali loti andale anamanga manja asilikali, ndipo dziko likalowa nkhondo lizilowa ndi mphamvu zonse. Apa ndi pamene theka lachiwiri la kafukufuku wa Gelpi ndi Feaver likulowa: asilikali akale akachuluka, America sithamangira kuyamba, koma ikayamba imamenya mwamphamvu kwambiri. Pofika mu 1999 McCain ankafuna asilikali apansi ku Kosovo. Mu October 2002 anali mmodzi mwa otsogolera chilolezo choukira Iraq, chimene Senate inavomereza ndi mavoti 77 kwa 23, ndipo ankatsimikizira anthu pa wailesi ya kanema kuti Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa ndipo chigonjetso sichivuta. Zidazo sizinapezeke. Asilikali a America pafupifupi 4,500 anafa, ndipo anthu a ku Iraq amene anafa ndi ochuluka kuwirikiza kambirimbiri. Mu 2007 analimbikira kuti awonjezere asilikali. Pambuyo pake ankafuna kulowerera ku Libya ndi ku Syria. M'buku lake lomaliza la mu 2018 anavomera kuti nkhondo ya Iraq inali kulakwitsa kwakukulu ndipo iye ali ndi gawo lake pa mlanduwo. Kuvomera n'kwabwino, koma kunabwera patatha zaka khumi ndi zisanu.

Tsono yang'anani amene anaona bwino. Russ Feingold, mnzake uja wa lamulo la makampeni, loya amene sanavalepo yunifomu, anakana nkhondo ya Iraq. Phungu Barbara Lee wa ku California, amene kale ankagwira ntchito yothandiza anthu ovutika maganizo, anaima yekha pa 14 September 2001 pa mavoti 420 kwa 1, kukana kupatsa pulezidenti chilolezo chopanda malire chomenya nkhondo. Pakati pa asilikali akale eniake panalibe mawu amodzi. Daniel Inouye wa ku Hawaii, amene anasiya mkono wake wamanja ku Italy mu 1945, anakana. John Kerry ndi Chuck Hagel, a ku Vietnam onse, anavomera. Jim Webb, wotuluka pa sukulu yomweyo ya Annapolis ndiponso wovulala ku Vietnam, anachenjeza m'nyuzipepala mu 2002 kuti America ikakodwa ku Iraq zaka zambiri. Webb yemweyo atalowa mu Senate anabweretsa bilu yolipirira maphunziro a ukachenjede asilikali obwera ku Iraq ndi Afghanistan, ndipo mu 2008 McCain anayamba waitsutsa, poopa kuti anyamata azisiya usilikali msanga kuthamangira sukulu. Ngati nkhondo imodzi ndi sukulu imodzi zingatulutse anthu awiri osiyana chonchi, wovota aphunzirapo chiyani pongomva kuti wopikisanayu anali msilikali?

Pali vuto lina limene otsutsa amalitchula motsitsa mawu, chifukwa kulinena mokweza kumaoneka ngati mwano. Zipsera zimatseka mafunso. Chimene chinachitika ku Arizona mu 1982 chinkachitikanso ku Washington: atolankhani ankamukonda, anzake ankaopa kumutsutsa pa nkhani za nkhondo, ndipo mawu ake onena za Iraq ankalemera kuposa umboni umene anali nawo. Mphamvu yomweyo imene inathandiza Clinton pa Vietnam ndiyo inathandiza Bush pa Iraq. Komabe otsutsa asamanamizire kuti chishangochi n'chosaboola. Max Cleland, amene anataya miyendo iwiri ndi mkono ku Vietnam, anagwa pa chisankho cha 2002 ku Georgia atamuonetsa pa kanema wa kampeni pamodzi ndi chithunzi cha Osama bin Laden. Mu 2015 Donald Trump, amene sanapite ku Vietnam, ananyoza McCain kuti ungwazi wake ndi wa kugwidwa chabe, ndipo chipani cha McCain yemweyo chinamusankha Trump kukhala mtsogoleri. Ovota a ku America amalemekeza yunifomu pakamwa, koma anakana Bob Dole mu 1996, Kerry mu 2004 ndi McCain mu 2008.

Nanga voti yotchuka ija ya usiku wa pa 28 July 2017? McCain, atangopezeka ndi khansa ya mu ubongo, ali ndi bala la opaleshoni pamwamba pa diso, analowa m'nyumba ya Senate n'kuloza chala chachikulu pansi, kupha bilu ya chipani chake yofuna kugwetsa mbali ya lamulo la zaumoyo la Barack Obama. Mavoti anali 49 kwa 51. Ambiri anati taonani mkaidi wa ku Hanoi, wokana kugonja. Koma maseneta a Republican amene anakana usiku umenewo anali atatu. Susan Collins ndi Lisa Murkowski sanagonepo m'ndende ya adani, anali atakana kuyambira pachiyambi, ndipo iwo anali ndi zisankho zina kutsogolo pamene McCain ankadziwa kuti sadzaimanso. Makamera anatsata mwamunayo. Chimodzimodzi, tsiku lija la mu October 2008 ku Minnesota pamene analanda maikolofoni kwa mayi amene ankati Obama ndi Mwarabu wosadalirika n'kumuteteza mdani wake, anachita zaulemu. Koma ndi McCain yemweyo amene milungu ingapo m'mbuyomo anasankha Sarah Palin kukhala womutsatira atangokumana naye pang'ono, yemweyo amene mu 1983 anavotera kukana tchuthi chokumbukira Martin Luther King, yemweyo amene mu 2000 anazemba kudzudzula mbendera ya Confederate ku South Carolina poopa kutaya mavoti, n'kudzapepesa chisankho chitadutsa.

Ine ndili kumbali ya otsutsa, ngakhale pali malo amodzi pamene ndikusiyana nawo. Ndikaika mavoti a McCain pamzere, ndikuona kuti ankaona patali pa zinthu zimene zinamuchitikira m'thupi: ululu wa mkaidi, chabe cha chikalata chosainidwa pa zingwe, kufunika koti adani akale agwirane chanza. Pamenepo usilikali wake unapatsa Senate chinthu chimene loya kapena wabizinesi sakanabweretsa, ndipo nyumba ya malamulo yopanda anthu otere ingakhale yosauka. Koma pa funso loti dziko lakutali likalandira bwanji asilikali achilendo, kapena loti boma la Baghdad likagwa kudzatsala chiyani, woyendetsa ndege amene nkhondo anaionera m'mwamba ndi m'chipinda chotsekedwa sankadziwa kuposa wina aliyense, ndipo anthu anamumvera ngati akudziwa. Cholakwa chimenecho n'cha omvera kuposa cha iye.

Ngakhale pa nkhani ya kuzunza, pamene ndamupatsa ulemu wonse, ndale zinamugwirapo mwendo. Mu February 2008, ali pa mpikisano wofuna kuimira chipani chake, anavotera kukana bilu imene ikanakakamiza CIA kutsata malamulo ofunsira akaidi omwe asilikali amatsata. Anadzakonza zimenezi mu 2015 pamodzi ndi Dianne Feinstein. Ndipo mu May 2018, ali gone kwawo ku Arizona, miyezi itatu asanamwalire, anatumiza uthenga wopempha maseneta anzake kuti akane Gina Haspel kukhala mkulu wa CIA chifukwa cha gawo lake pa nthawi ya kuzunza akaidi ija. M'nyumbamo munali asilikali akale a ku Iraq mbali zonse ziwiri. Tammy Duckworth wa ku Illinois, amene anataya miyendo yonse iwiri helikopita yake itawomberedwa mu 2004, anamumvera. Tom Cotton wa ku Arkansas, wophunzira ku Harvard amene anatsogolera asilikali apansi ku Baghdad, sanamumvere. Aliyense wa awiriwa anavota ndi unyinji wa chipani chake, ndipo Haspel anadutsa ndi mavoti 54 kwa 45.